Liwu Limene Hezekiya Anakana Kunena

"Liwu limodzi lokha, atate a Susana. Limodzi! 'Kulibe.' Kodi limeneli lingakuthyoleni nsagwada?"

Lidiya ankalankhula uku akufinya chinangwa choviika n'kumachiponya pathandala mwaukali, moti china chinkagwera pansi nkhuku n'kumajompha. Mwamuna wake Hezekiya, mwalimu wa katchalitchi ka m'mudzimo, anali atakhala pakhonde, fumbi la ulendo wa ku Kobwe likadali kumapazi.

"Silingandithyole nsagwada, amayi a Susana. Koma ndi bodza."

"Wakana ndani kuti ndi bodza? Ndi bodza, inde, laling'ono ngati usipa. Koma m'mimba mwake muli moyo wa mlongo wanga."

"Tsitsani mawu, anthu angamve."

Onse awiri anacheukira kunkhokwe ya mapira imene inali kuseri kwa nyumba. M'menemo ndi mmene munagona Timoteo, mlongo wake wamng'ono wa Lidiya. Miyezi isanu yapitayo asipayi, asilikali a Kampani ya azungu imene inkalamulira dzikolo, anamumanga pamodzi ndi amuna ena kuti akasenze katundu wa nkhondo ya Ajeremani kumtunda. Tsopano anali atathawa. Hezekiya yemweyo ndiye anamupeza m'bango, mapewa ali zilonda zokhazokha, phazi lamanja litatupa ngati dzungu. Anamubereka kumsana, namubisa, ndipo m'mawa uliwonse ankamutsuka zilondazo ndi madzi amchere.

Koma dzulo lake, Hezekiya ali ku Kobwe, kabu, mkulu wa asipayi, anafika m'mudzimo ndi anthu ake anayi. Sanalowe m'nyumba ya munthu. Anangoima pabwalo n'kunena kuti, "Ine sindipalasa m'zinyalala ngati nkhuku. Ndikupita kumidzi ya kumpoto, ndibwerera Lachisanu. Ndidzafunsa mwalimu wanu pamaso pa anthu onse. Akadzati kulibe, ndiye kuti kulibe. Munthu ameneyo ngakhale shefi, mzungu wa kuboma, amadziwa kuti sanama."

Lero linali Lachitatu. Kutsidya kwa madzi, ku Likoma, kunali dziko la Angerezi kumene chingwe cha kabu sichinkafika. Koma mwera unali utaomba sabata yathunthu, nyanja ili mbee ndi thovu, ndipo panalibe bwato limene likanayerekeza kuwoloka.

"Mwerawu sukhalitsa," anatero Lidiya, mawu atatsika. "Mukangonena liwu limenelo, kabu apita. Mphepo ikagwa, Timoteo awoloka. Palibe amene afe, palibe amene alire. Tandiuzani, bodza limeneli lapweteka ndani?"

"Kumupereka sindimupereka. Zimenezo muzidziwe. Ngakhale andidule makutu, dzina la nkhokwe silituluka pakamwa panga."

"Nanga mudzati chiyani?"

"Ndidzakhala chete."

Lidiya anaseka kuseka kowawa. "Chete! Munthu amene sanama akakhala chete, ndiye kuti wayankha. Ngakhale mbuzi ingamve zimenezo."

"Zimene adzachite kabu akamva kukhala chete kwanga ndi zake, adzayankha yekha pamaso pa Mulungu. Zimene zidzatuluke pakamwa panga ndi zanga. Ine za Lachisanu sindizidziwa, amayi a Susana. Mwina ndinama, iye n'kufufuzabe. Mwina ndikhala chete, iye n'kutopa n'kupita. Mawa lili m'manja mwa Mwini wake. Chimene anandiikira ine m'manja ndi lilime ili, ndipo anandilamula kuti ndisaname nalo. Sanati ndisaname pokhapokha zinthu zikakhala bwino."

"Ndiye kuti mukadzafika kumwambako mudzawaonetsa lilime loyera, iwo n'kukuomberani m'manja? Sadzakufunsani kuti mlamu wako ali kuti?"

Hezekiya anawerama. "Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuuza ana a mudzi uno kuti inde akhale inde."

"Ana a mudzi uno akufuna amalume awo amoyo, osati phunziro! Chibale ndi fupa, sichiola, koma inu simungachimve. Si magazi anu ali m'nkhokwemo. Ananena akuluakulu kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Mawuwo atangotuluka Lidiya anawamva kulemera kwake. Anaona mwamuna wake akuyang'ana zikhatho zake, zimene m'mawa uliwonse zinkafinya mafinya paphazi la Timoteo. Hezekiya anadzuka, natenga mtsuko, napita kunyanja kukatunga madzi otsukira zilonda.

Lachinayi m'mawa kunabwera Alawi. Anali Msilamu wa kumapeto kwa mudzi, mwini ngalawa yathanga imene inkanyamula mchere ndi nsomba zouma, ndipo iye ndi Hezekiya ankamwera chikho chimodzi chiyambire unyamata wawo. Analonjeza kale kuti mwera ukangogwa adzamuwolotsa Timoteo. Koma tsikulo nkhope yake inali ina. Anakhala pamphasa, navula kofiya, namaitembenuza m'manja.

"Amwalimu, ndamva kuti simudzanama. Sindikudabwa, ndikukudziwani. Ndiye ndabwera ndi mawu olemera. Amayi, mundikhululukire."

"Nenani, a Alawi," anatero Lidiya ali pakhomo.

"Kumudzi wa Ngoo mwezi wathawu kunathawa munthu mmodzi. Abale ake anamubisa. Kabu yemweyu anamanga amuna asanu ndi mmodzi m'malo mwake. Abwerako awiri." Alawi anaika kofiya pabondo. "Timoteo ndi mwana wathu tonse. Ndinamuphunzitsa ndine kupalasa. Koma tiwerenge bwino. Mbali ino munthu mmodzi, wodwala kale. Mbali inayo nyumba zisanu ndi imodzi, ndi ana awo. Ngati kunama simungathe, nenani zoona zonse. Muloze pamene ali. Mudzi ulire maliro amodzi, usalire anayi."

Lidiya anazindikira kuti zimene ankanena Alawi zinali zomwezo zimene iye ananena dzulo: tayang'anani amene apweteke, tawerengani amene alire. Kusiyana kwake kunali kwakuti lero kuwerengako kunagwera mlongo wake.

"A Alawi," anatero Hezekiya pang'onopang'ono, "munthu si nsomba zoti tiziyala pamchenga n'kunena kuti mulu uwu waposa uwo. Timoteo anagwa m'manja mwanga, ndinamuuza kuti pano wafika. Ndikamuloza ndi chala ichi, ndamupha ndine."

"Nanga akamanga mwana wanga Shamsu? Wamupha ndani?"

"Womumangayo."

"Ha! Kwa mayi wake kusiyanako kuli pati? Mtembo ndi mtembo, amwalimu. Mkazi wanga Mwasiti sadzafunsa kuti tchimo lagwera yani. Adzafunsa kuti mwana wanga ali kuti."

"Ndikudziwa. Ndipo ndilibe mawu oti ndidzamuyankhe. Koma simungandipemphe kuti ndichite choipa ndi dzanja langa pofuna kutseka choipa cha dzanja la wina. Mukayamba njira imeneyo ilibe polekera. Lero tipereka wodwala, mawa tipereka wamasiye, mkuja wokalamba, ndipo nthawi zonse kuwerenga kwathu kudzakhala kolondola."

Alawi anavala kofiya yake. "Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Inu mukumenyana ndi kabu, mukumenyana ndi Satana, kaya ndi ndani. Udzu ndife." Pochoka anaima pafupi ndi Lidiya osamuyang'ana. "Ine sindiulula, amayi. Pakamwa panga si pamene pafunsidwe. Mphepo ikagwa usiku uno, ngalawa ndi yokonzeka."

Atapita, Lidiya anayang'ana mwamuna wake. Kuuma mutu kumene ankadana nako kunali kutangoima pakhomo la nkhokwe ngati mpanda. Mumtima anati, munthu wokonda Timoteo chonchi sangathe kuona chingwe n'kukhalabe chete. Likafika tsikulo, pakamwa padzatseguka pokha.

Masana anapita ndi phala kunkhokwe. Anakwera pamtondo, nasuntha denga pang'ono, fungo la chilonda ndi la mapira n'kumupeza kumaso. Timoteo anali atatsamira khoma, maso atalowa m'kati.

"Achemwali, mphepo ija?"

"Ikadaomba. Imwa phala."

Anamwa pang'ono n'kuika chipande pansi. "Ndaganiza. Kukada ndikwawe ndipite kumapanga a kuphiri. Ndikakhale kumeneko mpaka asipayi adutse. Alamu ndimawadziwa, bodza sangalithe. Ndisawaike pamoto."

Lidiya anayang'ana phazi lija, lakuda kuzala, lonyezimira. Kuphiri kunali mtunda wautali, miyala yokhayokha, ndipo mwezi womwewo kambuku anali atagwira mbuzi ziwiri kumeneko.

"Sukupita kulikonse," anatero. "Alamu ako avomera."

"Avomera? Kunama?"

"Avomera. Ati moyo wa munthu ndi waukulu. Adzati kulibe, kabu adzapita, iwe udzawoloka. Gona."

Timoteo anatseka maso, misozi n'kutsikira m'ndevu. "Alamu anga," ananong'ona. "Mukawauze kuti sindidzaiwala." Lidiya anabwezera denga msangamsanga kuti asamuone nkhope.

Lachisanu mwera unakula kuposa masiku onse. Dzuwa lisanafike pamutu asipayi anatulukira, nasonkhanitsa mudzi wonse pabwalo la nyumba ya mwalimu. Kabu anali munthu wa kumtunda, wamfupi, wotopa m'maso, chikoti chili m'khwapa. Anamutulutsira mpando, iye n'kukana.

"Mwalimu, sindikufuna kuchedwa. Timoteo, mlamu wako, anathawa katundu wa boma. Ali m'mudzi muno, kapena kulibe?"

Lidiya anali kumbuyo kwa mwamuna wake, mwana wawo Susana ali kumsana. Ankaona mtsempha wa pakhosi pa Hezekiya ukugunda. Anaona milomo ikutseguka, mtima wake n'kudumpha.

"Funso limenelo sindiyankha, akabu."



"Anawoloka!" Lidiya anakuwa. "Anawolokera ku Likoma mwera usanayambe! Ndinamuona ndi maso angawa!"

Kabu sanacheuke n'komwe. "Mkazi wako akuti anawoloka. Bwereza mawu akewo, mwalimu, ine ndizipita. Ulendo wanga ndi wautali. Ungoti, 'Ndi zoona.'"

"Atate a Susana," Lidiya anagwira malaya ake kumbuyo. "Chonde. Ndagwira mwendo wanu."

Hezekiya anapukusa mutu. "Sindinama, ndipo sindiulula. Chitani nane chimene mufuna."

Kabu anausa moyo ngati munthu amene wapatsidwa ntchito yosafuna. Anakodola msipayi wina, ndipo uyo anasolola palamatoriya, chithabwa cholemera chamabowo chomenyera m'zikhatho. Anamugwaditsa Hezekiya, namutambasula dzanja. Kumenya koyamba kunamveka ngati nkhafi yamenya madzi. Pofika kakhumi khungu linang'ambika. Akamenya kasanu kabu ankafunsa, "Alipo kapena kulibe?" ndipo Hezekiya ankangoluma mlomo. Msipayi uja anagwira dzanja linalo. Akazi anayamba kulira. Lidiya anasiya kuwerenga atamva fupa likuthyoka.

"Basi," anatero kabu. "Uyu ndi mwala. Pachingwe changa pakusowa munthu mmodzi. Mwandimana mmodzi, nditenga asanu ndi mmodzi." Anayamba kuloza ndi chikoti, asipayi n'kumamanga aliyense wolozedwa. Woyamba, wachiwiri, wachitatu anali Shamsu. Mwasiti, mayi wake, anadzigwetsa pansi n'kumagubuduka m'fumbi akuitana dzina la mwana wake. Alawi anaima chilili, maso ali pankhokwe, koma chala sanatukule.

Pamenepo denga la nkhokwe linasuntha, n'kugwa pansi.

Timoteo anatsika chafufumimba, nagwa, nadzuka, nayamba kudumphira mwendo umodzi kulowera pabwalo, mapira ali m'tsitsi. "Ndili pano! Amasuleni. Ndine mukufuna." Anaima pamaso pa Hezekiya, nayang'ana manja aja amene tsopano sankaonekanso ngati manja. Kenaka anatembenukira kwa Lidiya. Pankhope pake panalibe mkwiyo, koma kudabwa kwa mwana.

"Achemwali, paja munati avomera?"

Lidiya anawerama, nabisa nkhope.

Asipayi anamasula amuna aja, namanga Timoteo m'chiuno. Popeza kuyenda sankatha, asipayi awiri anamukoka m'khwapa, phazi lotupa lija likukhukhuluzika m'njira ya ku Metangula. Lidiya anawathamangira mpaka kumtsinje, komwe msipayi wina anamubweza ndi thendere la mfuti.

Loweruka m'mawa kunacha bata. Nyanja inagona ngati mafuta m'mbale, Likoma n'kumaoneka pafupi moti munthu akanatha kuwerenga milambe yake. Lidiya anaima pakhomo ndi mtsuko wopanda madzi, ndipo tsiku limenelo kunyanja sanapiteko.

Masabata atatu otsatira nyumbayo inakhala ya anthu awiri osalankhulana. Manja a Hezekiya anatupa mpaka m'zigongono. Lidiya ankamusambitsa, kumuveka, kumudyetsa ndi dzanja lake ngati khanda, kumupukuta pakamwa, zonsezo osamuyang'ana m'maso. Belu la katchalitchi silinalire. Anthu ena ankabwera ndi nsomba n'kunena kuti mwalimu ndi mwamuna, sanagonje. Ena ankadutsa kutali n'kulavula. Mwasiti anabweretsa nkhuku, naisiya pakhomo, osalowa.

Tsiku lina akumumanga nsanza zatsopano, Lidiya analephera kupirira.

"Bwanji simukundifunsa?"

"Ndikufunseni chiyani?"

"Munamva zimene ananena Timoteo. Ankafuna kukwawira kuphiri. Ndinamuletsa ndine. Ndinamunamiza kuti mwavomera."

"Munafuna kuti akhale ndi moyo, amayi a Susana."

"Inunso munafuna kuti akhale ndi moyo! Nanga ali kuti?" Anakoka nsanzayo mwamphamvu, Hezekiya n'kubuula. "Inu ndi choonadi chanu munamugwira mwendo uwu, ine ndi bodza langa ndinamugwira mwendo uwo, tinamupereka tonse kwa kabu. Akanapita kuphiri mwina bwenzi ali ku Likoma lero."

"Mwinanso akanafera m'miyala. Sitikudziwa."

"Ndatopa nako kusadziwa kwanuko! Inu kumakupumitsani. Ine kukundidya."

"Sikundipumitsa," anatero Hezekiya motsitsa. "Ndikatseka maso ndimamuona akudumphira mwendo umodzi."

Uthenga unabwera ndi Alawi, amene anaumva kwa wamalonda mnzake ku Metangula. Anafika m'mawa, nakhala pansi penipeni, pafumbi, osadikira mphasa. Timoteo sanafike n'komwe kumene ankamutengera. Tsiku lachitatu pokwera mapiri analephera kudzuka, ndipo anamumasula pachingwe n'kumusiya pansi pa msuku m'mbali mwa njira. Amtengatenga obwerera ndiwo anamupeza, namukwirira ndi miyala.

Lidiya sanakuwe. Anafunsa ngati anamutseka maso. Alawi anati sakudziwa.

"Pali chinanso," anatero Alawi akuyang'ana dzanja lamanzere la Hezekiya, limene zala ziwiri zinali zitada. "Fungo ili ndikulidziwa. Mukachedwa lidzakwera mpaka paphewa. Nyanja ili bwino lero. Tiyeni ku Likoma, kuchipatala cha amishoni. Amayi, tengani mwana, ngalawa ndi yaikulu. Mukakhale konko mpaka zinthu zitazizira."

Lidiya anamanga kamtolo: malaya awiri, ufa wa kondowole, chipande. Anasenza, natsogolera mwamuna wake kudooko, Susana atamusiya kwa amayi ake aang'ono. Kumudzi akazi anali atayamba kusonkhana kunyumba ya Timoteo, kulira kukumveka patalipatali. Alawi ndi Shamsu anamukweza Hezekiya m'ngalawa, napita kutsogolo kukamasula thanga. Lidiya anaima m'madzi ofika m'mawondo, atagwira m'mphepete mwa ngalawayo.

"Atate a Susana, ndikufunseni kanthu kamodzi. Likanabwerera Lachisanu lija, inu mukudziwa zonsezi, msuku uja, miyala ija, mukananena?"

Hezekiya anamuyang'ana.

"Palibe akumva," anatero Lidiya, misozi tsopano ikutsika. "Kabu kulibe, ana a sukulu kulibe. Ndine ndekha, mkazi wanu. Nenani kuti mukananena. Ngakhale zisakhale zoona, ndizilandira. Ndithamanga ndikatenge mwana, ndikwere, tikayambe kwina. Ndingofuna ndikhale ndi poponda."

Thanga linakwera, likupepheruka. Hezekiya anatukula manja ake omangidwa ngati akufuna kumugwira kumaso, koma analibe chogwirira.

"Lidiya," anatchula dzina lake lenileni, limene sanalitchule chibadwire mwana wawo. "Liwu limenelo ndimalilakalaka usana ndi usiku. Ndikanapereka manja onse awiri kuti Timoteo abwere. Koma mwandifunsa ngati ndikananena." Analira poyera ngati mwana. "Sindikananena."

Lidiya anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankazidziwa kale. Anakankhira kamtolo kaja pansi pa thabwa kuti kasanyowe, nakonza nsanza imene inamasuka padzanja lamanja, naimanga bwino.

"A Alawi," anaitana. "Phala muziwamwetsa ndi chipandecho, lisatenthe kwambiri. Akafuna kudzithandiza sanena, amachita manyazi, muziwafunsa ndinu."

"Inu simukwera, amayi?"

"Ndili ndi maliro."

Anaika mapewa kumbuyo kwa ngalawa nakankha ndi mphamvu zake zonse, mpaka madzi anamufika m'chiuno ndipo thabwa linachoka m'manja mwake. Hezekiya anaitana kamodzi. Lidiya anatuluka m'madzi, nafinya nsalu yake, nakwera kamtunda kolowera kunyumba ya Timoteo. Akazi atamuona anamupatukira, ndipo iye anakhala pansi pakhomo, pamalo a mlongo wa womwalira, nayamba kulira maliro opanda mtembo.